Udotolo Wanga ndi Jeradori ya pa Ukwati

1996, ku Mualadzi

Tadeyu ndi Lusiya, ana anga, za ubwana wanga ndi za kuthawira nkhondo ku Zambia mwazimva mpaka kutopa nazo, choncho sindizibwereza. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba, nditamaliza maphunziro a laboratoriyo ku Tete. Ananditumiza ku chipatala chaching'ono cha m'dera la Mualadzi. Dzina lake sinditchula, amene analipo akuchidziwa. Ndinafika pa lole ya chimanga, iwe Tadeyu uli kumbuyo, ndipo anandilozera kachipinda komwe kale ankasungiramo makasu ndi matumba a simenti, n'kundiuza kuti laboratoriyo ndi imeneyo. Munali tebulo, beseni ndi mikroskopiyo imodzi yodalira kuwala kwa dzuwa. Taganizani, malungo amavuta m'dzinja, ndipo m'dzinja momwemo ndi mmene dzuwa limabisala. Ndinkanyamula mikroskopiyo n'kukakhala nayo pakhonde kudikira kuti mtambo udutse, odwala ali pamzere akunjenjemera. Timagalasi topakapo magazi, tomwe timati malamina, ndinkatitsuka mpaka kukandika, moti nthawi zina sindinkadziwa ngati ndikuona kachilombo kapena chipsera cha galasi. Utoto woyezera ukatha tinkapempha n'kudikira, chimanga n'kucha, n'kukololedwa, utoto osafika.

Komabe chomwe chinkandisowetsa mtendere si kusowa kwa zipangizo, koma amayi oyembekezera. Mayi ankabwera ku sikelo, ine n'kumubaya chala, n'kuyang'ana, osapeza malungo. Tsiku lochira likafika ankabereka kamwana kokwana m'manja awiri, iye mwini maso ali mbuu, ndipo tiana tina sitinkafika potuluka m'chikuta. Kumudzi ankati ndi mdulo, mwamuna wayenda kunja, ndipo mabanja ankatha chifukwa cha mawu amenewo. Namwino ankandifunsa kuti, "Dona Rozalina, kodi mumayang'anadi bwino?" Tsiku lina, chifukwa cha mkwiyo basi, ndinalowa m'chipinda choberekera n'kupempha dontho la magazi a m'nsengwa yotuluka pambuyo pa mwana, ya mayi wina amene m'mawa womwewo ndinamupeza alibe malungo. Nditaika diso, tizilombo tinali mbwee ngati nyerere pa fupa. Patapita zaka ndinadzawerenga kuti ophunzira anadziwa kalekale zoti malungo amabisala m'nsengwa. Chomwe palibe ankadziwa n'chakuti kwathu kuno vutoli n'lalikulu bwanji, ndiponso ngati mapiritsi omwe anadzayamba kupatsa amayi oyembekezera ankawatetezadi. Funso limenelo ndi lomwe linadya zaka zanga zonse za ntchito.

2003 mpaka 2011, a Zimba

A Zimba anabwera kudzakhala shefi wa chipatala chathu iwe Lusiya utangoyamba sukulu. Anali munthu wa nsapato zowala, wodziwa kulankhula pamaso pa alendo. Alendo akachoka, galimoto ya odwala inkanyamula makala awo kupita nawo ku Cassacatiza, mayi wa matenda akudza pa njinga. Nditapeza malo ku univesidade ndinakalowa mu ofesi mwawo kukapempha chilolezo chopita ku maphunziro. Sanandipatse ndi mpando womwe.

"Dona Rozalina, muli ndi mwamuna, muli ndi ana, muli ndi munda. Mukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna kuphunzira, a Shefi."

"Mikodzo ndi makhololo a anthu zimafuna dipoloma ina? Zomwe mukudziwazo n'zokwanira kuno."

Pempho langa analikhalira mpaka malo aja anapita kwa wina. Ndinapemphanso, analikhaliranso. Ndinadzapita chifukwa chakuti chaka china iwo anali pa tchuthi, wachiwiri wawo n'kusaina osawafunsa. Maphunziro oyamba a ku univesidade ndi achiwiri, omwe amati mestradu, ndinawamaliza chomwecho, chozemba ngati wakuba, ngakhale sindinabe kanthu. Mukukumbukira kuti bambo anu ndi amene ankakuphikirani ndi kukuchapirani akaweruka kophunzitsa, anthu akuwaseka pa msika kuti ndinawadyetsa khuzumule. Iwo ankangoyankha kuti, "Ngati ndi mankhwala, ndi okoma." Nthawi iliyonse ndikabwerako ndi pepala latsopano, a Zimba ankandibwezera m'kachipinda komwe kaja, pa mpando womwe uja, ndipo pa msonkhano ankanditchula kuti "wophunzira wathu" ndi mawu oti anthu aseke. Ankasekadi.

2012, kuyamba udotolo

Kwathu kuno mukati dotolo anthu amaganiza za wobaya jakisoni. Udotolo womwe ndinkafuna ine ndi wina, wa kafukufuku. Umasankha funso lomwe palibe analiyankha, umalilondola zaka zingapo, umalemba buku lako lomwe amati teze, kenako umakaima pamaso pa akatswiri kuti akutsutse mpaka akhutire. Ndinayamba ndikuyandikira zaka makumi asanu, anzanga a m'kalasi ali oti ndikanatha kuwabereka. Wondiyang'anira anali Profesora Matilde, mayi wosaseka wamba, amene ankabweza mapepala anga atafiira ndi inki. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Funso lanu ndi labwino, koma funso si umboni. Ndibweretsereni nsengwa." Ndinayenera kutenga magazi ndi kachidutswa ka nsengwa kwa amayi ambiri, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, n'kuzisunga zowuma ndi kuzizira mpaka zitapita kumzinda, komwe kunali makina otha kuona ngati tizilombo tayamba kuwazolowera mapiritsi. Bolsa yanga, thandizo lomwe linkandilipirira maphunziro, inagula jelera, firiji youmitsa zinthu ndi kuzizira, ndi jeradori yoiyendetsa, chifukwa kwathu magetsi kunalibe. A Zimba anasaina chilolezo ulendo umenewo popanda kuvuta, maso awo ali pa jeradori.

Kupempha nsengwa si kupempha mchere. Mphekesera inayenda kuti ndalowa gulu la anamapopa, ndikugulitsa magazi ku Zambia. Pa mudzi wina anandigenda ndili pa njinga. Mlongo wanga weniweni, malume anu, anasiya kundipatsa moni. Ndinaona kuti popanda aNabanda sindipita patali. Iwo anali mzamba wa m'dera lonselo, mayi wamphamvu wa msinkhu wanga, amene ankaperekeza amayi ku chipatala ndipo palibe nsengwa inkakwiriridwa iwo osadziwa. Ndinawapeza akusenda chinangwa ndipo sanaleke.

"aNaphiri, inu ndinu mwana wa kuno. Mukudziwa kuti nsengwa imakwiriridwa pobisika, mwamuna saona. Munthu woipa akaigwira, mayi uja sadzaberekanso. Lero mukuti tikupatseni mukatsekere m'bokosi?"

"Kachidutswa kokha, amayi, kochepa ngati chikhadabo. Ndikufuna ndidziwe chomwe chikuchepetsa ana athu."

"Mukadziwa, ana aleka kufa?"

"Sindingalonjeze. Koma tidzakhala ndi chonena kwa opereka mankhwala."

Anapitiriza kusenda chinangwa chija. Kenako anati, "Ndikuthandizani, chifukwa ndatopa kukwirira tiana. Koma zinthu zimenezi zikhala m'manja mwanu. Osati m'manja mwa boma, osati mwa shefi wanu uja. Tsiku lomwe ndidzafunse, mudzandiyankhe inuyo." Ndinavomera. Kuyambira pamenepo iwo ndi amene ankalankhula ndi amayi, ine n'kumafotokoza pambuyo, ndipo wokana sitinkamukakamiza. Zaka ziwiri ndinkadzuka pa nthawi iliyonse yomwe mwana wafuna kubadwa. Timabotolo tinadzaza jelera, ndipo ngakhale tinalembedwa manambala okha, nambala iliyonse ndinkaidziwa nkhope yake.

2014, jeradori

Titakolola, anandiitana kumzinda kukafotokoza pomwe ntchito yafika. Tinapangana kuti ndikabwerako galimoto ya univesidade idzanyamula zonse m'mabokosi ozizira. Ndinasiyira mlonda wathu, a Lungu, mafuta okwanira ndi malangizo, ndipo ndinawauzanso a Zimba pamaso kuti jelera ija isazime. Anati, "Pitani ndi mtendere." Pobwerako, fungo linandilandira ndisanafike pakhonde. Pomwe pankakhala jeradori panali dothi lakuda ndi mafuta basi. A Lungu anabwera atavula chipewa, osandiyang'ana.

"Dona, a Shefi anatenga. Amati ndi ya ukwati wa mwana wawo ku Cassacatiza, amati abweza mawa lake. Ine ndinanena, koma ndine ndani?"

Ukwati unali utatha kalekale. Jeradori inatsala kwa mkamwini wawo, amene ankaonetsera mpira pa bala lake la mowa. Ndinatsegula jelera. Timabotolo tinkayandama m'madzi ofiirira, tina titaphulika, ntchentche zitapeza kale njira. Ndinaitseka. Kenako ndinapita ku ofesi ndi manja osasamba, n'kulowa osagogoda.

"A Shefi, mwapha ntchito yanga kuti anthu avine?"

"Musakweze mawu, muno ndi mu ofesi. Jeradori ili pa chipatala, ndiye kuti ili pansi panga."

"Munali nsengwa za anthu mmenemo!"

Anaseka pang'ono, ndipo zomwe ananena ndikuzimvabe lero ndikamalemba. "Dona Rozalina, akazi a kuno amabereka chaka ndi chaka. Nsengwa sizisowa ngati utoto wanu uja. Katengeninso zina." Ataona kuti sindikuchoka anatseka chitseko n'kusintha mawu. Anati ndikauza anthu ndi a univesidade kuti jeradori inafa yokha n'kupita kokakonzedwa, andisainira chilolezo cha zaka zina, ndiyambirenso bwinobwino. Ndikanena zina, mawa lake lomwe ndibwerera pa mpando wanga woyeza mikodzo. "Udotolo wanuwo mukautengera kumwamba," anatero.

Musaganize kuti ndinakana pomwepo. Ndinaimbira Profesora Matilde. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo anati, "Sindingakuuzeni kuti muname. Koma mudziwe kuti popanda chilolezo bolsa ithera pomwepo, ndipo ine ndilibe mphamvu pa shefi wanu." Bambo anu, munthu amene sankanama ndi pa nthabwala pomwe, anandikhazika pansi n'kunena kuti, "Amake Tadeyu, zaka zonsezi tavutikira chiyani? Nenani zomwe akufunazo, mutenge pepala lanu, mudzalankhule muli dotolo. Pamenepo adzakumverani." Sindinawakwiyire. Ankanena za moyo wawo womwe anauthera pa mafuwa chifukwa cha ine. Masiku amenewo ndinkayenda ngati wogona, ndipo ndinali nditatsala pang'ono kuvomera.

Koma fungo silisunga chinsinsi. Tsiku la sikelo aNabanda anafika ndi gulu la amayi, ena ali ndi ana kumbuyo, ena opanda. Anakhala pansi pa mtengo wa mango pabwalo la chipatala n'kutuma namwino kuti adzandiitane. A Zimba anatulukanso n'kuima pakhonde, manja m'matumba.

"aNaphiri, tsiku lija ndi lero," anatero aNabanda. "Zinthu zathu zili kuti?"

A Zimba anayamba, "Amayi, makina amafa, ndiye..."

"Sindikufunsa inu, bambo. Inu sitinapangane nanu kanthu."

Ndinayang'ana amayi aja. Kunamiza univesidade mwina ndikanatha, chifukwa univesidade ndi mapepala. Koma awa anandipatsa chinthu chomwe sapatsa ndi amuna awo omwe, ndipo bodza lija linali loti ndidzabwerere kwa iwo omwewo kukapemphanso, n'kukaika m'jelera yomweyo, pansi pa munthu yemweyo. Ndinati, "Zaola zonse. Jeradori sinafe. Anaitenga a Shefi kupita nayo ku ukwati wa mwana wawo, ndipo mpaka pano ili pa bala ku Cassacatiza." Palibe anakuwa. Mtsikana wina amene mwana wake woyamba anamwalira asanatuluke m'chikuta, amenenso apongozi ake ankamunena kuti ndi mdulo, anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye mwana wanga anafa ndi chiyani, amayi? Munati mudzandiuza." Yankho lake linali m'madzi onunkha aja.

ANabanda anaitanitsa beseni. Iwo eni, ndi manja awo, anatola timabotolo tonse m'jelera, n'kuphimba ndi nsalu. Nditafuna kuwatsatira kokakwirira ananditembenukira. "Inu mutsale. Simunatinamize, zikomo. Koma simunasunge." Sanalankhulenso nane mpaka imfa yawo.

2015 mpaka 2021, ku Cassacatiza

Ndinakadandaula kwa akuluakulu. Anabwera anthu odzafufuza, anadya mbuzi kwa a Zimba, anabwerera. Chomwe chinatuluka pa kufufuza kumeneko n'chakuti ine ndine wosalemekeza atsogoleri ndiponso woutsa anthu. Chilolezo anachichotsa, bolsa inatha, ndipo anandisamutsira ku Cassacatiza, kumalire, kukayeza malungo madalaivala a malole ndi amalonda odutsa. Tsiku lililonse popita ku ntchito ndinkadutsa pa bala lija. Jeradori anaibweza mochedwa ku chipatala itatha mphamvu, mkamwini n'kugula yake, ndipo mpira unkaonetsedwabe. Mundiuze inu, ana anga, ndani analangidwa? Munthu waononga chuma cha kafukufuku, wanyoza akazi a dera lonse, ndipo chaka chotsatira akumukweza. Ine wonena zoona ndikusamutsidwa ngati thumba la makala. Chaka choyamba sindinatsegule buku lililonse. Ndinkadzuka ndi mkwiyo, kugona ndi mkwiyo, ndipo kutchalitchi ndinkatuluka anthu asanayambe kupatsana moni wa mtendere.

Anandidzutsa ndi Profesora Matilde. Ananditumizira phukusi la timapepala tapadera todonthezapo magazi, tomwe tikauma sitifuna jelera kapena jeradori. Pa foni anangoti, "Funso lichepa, teze ichepa, bolsa palibe. Koma dzina lanu sindinalifufute. Mukufuna kapena ayi?" Ndinayambanso ndi amayi a m'midzi yozungulira malire. Mbiri yanga inali itandidutsa kale, ambiri anakana, ndipo sindinkawaimba mlandu. Ovomera ndinkawauza zonse za ku Mualadzi ndisanawabaye. Timapepala tija ndinkatisunga m'chitini kuchipinda kwanga, osati ku ntchito. Tchuthi changa chonse chinathera m'mabasi opita kumzinda, maso akufooka, ndikuwerenga Chingerezi cha akatswiri mawu amodziamodzi. Bambo anu anamwalira ntchito ili pakati. Atadwala kwambiri ndinawafunsa ngati anandikwiyira chifukwa sindinawamvere tsiku lija. Anati, "Ndinakwiya, koma ndi iwo aja. Malizani."

Ndinamaliza nthawi ya mliri wa korona. Teze yanga ndinaiteteza ku Tete, ndili ndekha m'chipinda, akatswiri akundifunsa kudzera pa kompyuta, mawu akudukaduka. Anandipanikiza kwambiri pa kuchepa kwa umboni, ndipo ankanena zoona. Zomwe ndinapeza n'zothandiza, koma n'zochepa poyerekeza ndi zomwe zinaolera m'jelera. Atandiuza kuti ndapambana ndinatseka kompyuta, ndinatuluka, ndinagula madzi akumwa. Panalibe woimba nthungululu. Ndinali dotolo wotsala pang'ono kupuma ntchito, woti palibenso ofesi ingamupatse laboratoriyo kuti ayendetse. Zaka zomwe ndikanagwiritsa ntchito udotolo wanga, kuphunzitsa ena ndi kufunsa mafunso otsatira, ndi zomwe anandibera.

2023, phwando lotsanzikana

Zotsalazi munaziona nokha. Anzanga a ntchito anandikonzera phwando ku Chifunde, ndipo sanandiuze kuti mlendo wolemekezeka ndi a Zimba, amene tsopano anali munthu wamkulu, mimba itatsogola. Anaimirira n'kunena kuti, "Dotora Rozalina ndi chipatso cha khama lathu. Tinamuona ali wamng'ono pa ntchito, tinamulimbikitsa, tinamutsegulira zitseko. Atsikana athu atengere chitsanzo." Anthu anaomba m'manja, ena mwa iwo oti nkhani yonse akuidziwa. Kenako anatenga kapulana, nsalu ya mphatso, ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kulitambasulira kwa ine, wojambula atakonzeka kale. Ndinaimirira, ndinaliyang'ana dzanjalo, ndinawayang'ana kumaso, ndipo ndinanyamula chikwama changa n'kutuluka.

Iwe Tadeyu unanditsatira mpaka pa msika pomwe ndinkafuna mota, njinga yamoto yopita kunyumba. Unati, "Amayi, mwatichititsa manyazi pamaso pa akuluakulu." Iwe Lusiya unadzandiuza mawa lake kuti ndakalamba, ndikhululuke, mkwiyo undikweza magazi. Sindinakuyankheni nthawi imeneyo chifukwa munkadziwa mbali yochepa ya nkhaniyi, ndipo munali kutali ku sukulu pamene zinkachitika. Tsopano mwaidziwa yonse. Kukhululuka sindikukana, koma kumayamba ndi munthu kunena kuti ndinalakwa. A Zimba sananenepo mawu amenewo, ndipo tsiku lija anabwera kudzatenganso chotsala, kuti ngakhale udotolo womwe ndinaupeza iwo akutchinga njira ukhale wawo.

Ndikupemphani chinthu chimodzi. Anthu otere sajomba pa maliro, ndipo amakonda kulankhula. Ndikadzamwalira iwo akadali moyo, adzabwera ndi nsapato zawo zowala. Mudzawalandire, mudzawapatse mpando wapamthunzi ndi chakudya monga mlendo aliyense. Koma akadzapempha kuti anenepo mawu pa bokosi langa, iwe Tadeyu udzaimirire n'kuwauza kuti mwini maliro anakana.